Makina Osefa Magazi Akhale Pansi Tsiku Limodzi

Kwa Bwana Wamkulu Wodula Maliboni,

...ndiye mlonda wa pachipatala chachisanu atasuzumira pansi pa nsalu, anawalonjera makinawo ngati m'bale wake, poti anali atawaona kale m'nyuzipepala kanayi. Pepani bwana, ndayambira pakati. Ndine dalaivala wa lole yanu ija, katswiri amene ndimakhota ngodya kapu ya tiyi ili pabondo osatayika ngakhale dontho. Ndine ndimanyamula makina osefa magazi, ochotsa madzi m'mapapo mwa odwala mtima, kuwafikitsa kulikonse kumene mukukawatsegulira.

Ndagwada kuti ndithokoze.

Choyamba, nzeru zanu. Wina wopepera akanagula makina asanu. Inu munagula amodzi, mwawatsegulira m'zipatala zisanu, ndipo paliponse anamwino amalulutira mpaka kusasa mawu. Mukangokwera galimoto, ine ndimawakwezanso pa lole, ulendo.

Chachiwiri, kusamala katundu. Pulagi yake ikadali m'pepala la kufakitale. Makinawa sanalaweko magazi a munthu wamba, n'chifukwa chake akuwala kuposa nsapato zanu.

Chachitatu n'chaching'ono, chisakutopetseni. Mayi a kunyumba kwanga mtima wawo wafooka. Madzi adzaza m'chifuwa, miyendo yatupa ngati mitsamiro, mapiritsi okodzetsa anasiya kugwira. Akagona chagada amabanika ngati akumira, ndiye amagona chokhala pampando, ine bedi lonse ndekha, kutambasuka ngati bwana. Zikomo kwambiri. Adokotala akuti chingawaphwetse ndi makina anuwo. Ndinayankha kuti makinawo ndi anzanga apamtima, ndimawamanga ndekha ndi chingwe. Mayiwo anafuna kuseka, mpweya unakana.

Za kapu ya tiyi ndawonjezera mchere, thalauza langa ndi mboni. Zinazo ndikanakonda zikanakhala bodza.

Pempho langa nali, ndalivulira chipewa. Pa mwambo wotsatira mudzalole mayiwa akhale pambali pa makinawo ngati chokometsera chithunzi. Adzatchena, adzamwetulira, sadzatsokomola mukamalankhula. Namwino wina akadzalumikiza mapaipi n'kubaya pulagi mwangozi, ife sitidzaulula.

Zikavuta musadandaule, ntchito zanu n'zambiri. Mudzangondibwereka loleyo tsiku limodzi, bokosi limakwanamo bwino, ndi kaliboni kotsala komangira nkhata ya maluwa.

Ine wanu wopinda chiwongolero mwaulemu,
Dalaivala wa Makina