Ndinagula switchi powerenga mabowo

Mpaka lero aphunzitsi ena a ku Nathenje akandiona pa Mitundu amakweza dzanja. Ine ndimangoyang'ana kumbali.

Ine ndi alamu anga tili ndi kashopu ka makompyuta. Makompyuta atakwana khumi, alamu anandituma m'tauni kukagula switchi, kabokosi kaja kolumikiza makompyuta onse ku intaneti. Wogulitsa anandionetsa ziwiri, ya mabowo 24 olowetsamo mawaya ndi ya mabowo 12. Anati nditenge ya 12 chifukwa ili ndi malo okwanira osungira zotumizidwa pamene zikudikira, poti anthu akatumiza nthawi imodzi njira yotulukira ndi imodzi. Inayo anaiyerekeza ndi chigayo chopanda khonde loikapo matumba (ngati kuti ndinabwera kudzagayitsa). Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti sukulu ndinalekezera fomu 2, koma 24 ndi 12 ndimasiyanitsa. Ndinanyamula ya mabowo ambiri.

Kwa milungu ingapo zinayenda, poti makasitomala athu amabwera mmodzimmodzi. Kenako kunabwera aphunzitsi khumi a ku Nathenje kudzatumiza mafomu ndi zithunzi za ana olemba mayeso, tsiku lomaliza, kutseka 4 koloko. Zikapanda kupita, ana salemba. Alamu anali atawalonjeza kuti pathu sipachedwa.

Aphunzitsitu sachita zinthu mwachisawawa. Anadikirana, wamkulu wawo n'kuwerenga mpaka katatu, onse n'kudina pamodzi. Palibe chinapita. Anabwereza, pamodzinso. Ndinatukwana netiweki. Ndinasintha mawaya. Ndinanena alamu pamaso pa anthu kuti sanagule bandulo (anali atagula). Pomaliza ndinaipatsa khofi switchiyo, n'kuzima.

Wamkulu wawoyo anali mayi amene anandiphunzitsa masamu.

“Mtima uja sunauleke?” anatero.

Anandifunsa kumene ndinagula kabokosiko ndi zimene wogulitsa ananena. Ndinaulula, ndikuyang'ana pansi.

“Ndiye tisalowe pakhomo tonse pamodzi. Wokonzeka akweze dzanja, iwe uziloza. Umonitala unaukana, lero uugwira.”

Ndinayatsanso kabokosi, n'kuima kutsogolo. Akuluakulu a mataye akukweza manja, ine kuloza mmodzi, wina kudikira. Womaliza anatumiza 4 koloko itatsala pang'ono. Potuluka anathokoza alamu, osati ine.

M'mawa mwake alamu anapita okha m'tauni kukatenga ya 12. Yanga ija ili pansi pa tebulo. Nthawi zina ndimaitulutsa n'kuwerenganso mabowo ake, ndipo akadali ambiri kuposa a inzakeyo.