Mapepala a Mkazi Wanga Akufera pa Windo Lanu, Bwana

Kwa Bwana Mkulu Wolandira Ophunzira a Digiri Yachiwiri,
Nthambi ya Sayansi ya Zachipatala,
Yunivesite ya Zaumoyo ya Mnazi Mrefu,
Dar es Salaam.

Bwana wanga wolemekezeka,

Shikamoo, monga timalonjera akuluakulu kuno kwathu. Ndagwira mapazi anu onse awiri, ndipo ngati manja anga adetsa nsapato zanu mundikhululukire, ndife anthu a kufumbi. Dzina langa ndine Fidelis Millanzi, wojambula zithunzi m'katauni kena kuseri kwa Masasi. Sukulu sindinapite nayo patali, kotero mukapeza mawu opindika m'kalata muno muwaongole nokha, pakuti eni nzeru ndinu. Ndikulemba m'malo mwa mkazi wanga, Devota Mrope, amene amayeza magazi ndi makhololo pa chipatala cha boma lathu. Iye sakudziwa kuti ndikulemba, akanadziwa bwenzi atandilanda cholembera.

Devota anatenga digiri yoyamba pa yunivesite yanu yomweyo. Kuntchito kwake wakhala akuona ana akubwerera ndi malungo atangomaliza kumwa mankhwala, iye n'kupeza tizilombo ta malungowo tili phee m'magazi ngati sitinamwetsedwe kanthu. Akufuna kudziwa chifukwa chake. Chidwi chimenechi ndi chimene chinamupalamulitsa mlandu wofunsira malo kwa inu, pamodzi ndi thandizo la maphunziro limene mumapereka kwa okhawo amene sanakwanitse zaka makumi atatu ndi zisanu. Anayamba kufunsira ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Januwale akubwerayu akwanitsa makumi atatu ndi zisanu zija, ndipo popanda thandizo lanu sangaphunzire, chifukwa kamera yanga imangokwanitsa kutidyetsa. Tsono ndati ndisakhale wosayamika. Lolani ndikuthokozeni pa zimene mwatichitira m'zaka zinayizi.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti pepala ndi chinthu chamoyo. Ine mu umbuli wanga ndinkayesa pepala likasainidwa lasainidwa. Kwa inu ndinaphunzira kuti limabadwa, limakalamba, limafa. Chikalata cha thanzi chimakhala ndi moyo miyezi itatu. Kalata ya pulofesa wovomera kuyang'anira wophunzira imapirira miyezi isanu ndi umodzi, chimodzimodzi zithunzi. Chilolezo cha abwana akuntchito chimafa limodzi ndi chaka cha boma, kumapeto kwa Juni. Mayeso a Chingerezi ndiwo nkhalamba, amafika zaka ziwiri. Windo lanu limatsegulidwa kamodzi pa chaka, mu Seputembala, ndipo lamulo likuti onse asanuwa afike pawindopo akupuma tsiku limodzi. Kunyumba kwathu akhala akufa motsatizana ngati nkhuku za chitopa, tikamaika uyu m'manda winayo wayamba kale kugwetsa mapiko.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chosamala thanzi la mkazi wanga kuposa mmene ine mwini wake ndimalisamalira. Munalamula kuti magazi a wofunsira ayezedwe pa chipatala cha boma cha m'chigawo chimene amagwira ntchito, koma asadziyeze yekha. Nzeru zakuya zimenezo. Vuto laling'ono n'lakuti pa chipatala chathu wosaina zotsatira ndi Devota yekhayo. Motero chaka chilichonse amakwera basi kupita ku Mtwara, kusiya odwala ali pabenchi, kuti akaboolewe mkono ndi anzake amene anaphunzira nawo kalasi imodzi. Ulendo wachitatu mmodzi wa iwo anamulandira ndi phwete, amvekere: "Achemwali, mwabweranso? Mitsempha yanuyi tayamba kuidziwa mayina. Bwanji mungotisiyira botolo lodzaza tizikutungirani chaka ndi chaka?" Devota anaseka nawo, koma pondifotokozera sanaseke. Ndikukutsimikizirani, bwana, kuti alibe chifuwa chachikulu. Analibe chaka choyamba, analibe chachiwiri, ndipo mpaka lero akukanirirabe kudwala.

Chachitatu, ndipo apa mundilole nditalikitseko, zikomo chifukwa cha a Pulofesa a za malungo. Lamulo lanu likuti munthu asanafunsire apeze yekha pulofesa womuvomera. Ife tinayesa kuti pulofesa amapezeka pa yunivesite, monga mmisiri amapezeka pa shedi pake. Tinalakwa. A Pulofesa amapezeka ku semina. Mlungu uno ali ku Arusha, wamawa ku Morogoro, winawo awolokera ku Zanzibar, ndipo kulikonseko akulimbana ndi malungo m'chipinda chozizira bwino cha hotela, alawansi ili m'thumba. Munthu wodzipereka chotero sindinamuonepo. Mukaimba foni ku ofesi kwawo mumauzidwa kuti angotuluka kumene, ngakhale atakhala kuti anatuluka mwezi watha.

Chaka choyamba chikalata cha thanzi chinafa tikudikira kuti a Pulofesa abwerere. Chaka chachiwiri Devota anati zengerezu adalinda kwawukwawu, anawalondola mpaka ku Morogoro, n'kukawabisalira pakhomo la hotela nthawi ya tiyi. Anawapeza ali ndi samusa dzanja ili, kapu dzanja linali. Anamumvetsera mwachifundo ndithu, akugwedeza mutu, kenako anati: "Mwana wanga, funso lakoli ndi lalikulu, dziko likufuna anthu ngati iwe. Koma ukuona wekha manja angawa. Undipeze ku Bagamoyo Lachinayi, kumeneko ndikhala ndi cholembera." Ku Bagamoyo anasainadi, Mulungu awadalitse. Koma siginecha yopanda chidindo ndi chikhwatcho chabe, ndipo chidindocho chinali m'kabati ku Dar es Salaam, makiyi ake atapita kumaliro ku Bukoba m'chikwama cha mlembi wawo.

Chachinayi n'chachifupi, pakuti mlandu wake si wanu nokha. Abwana akuntchito sapereka chilolezo asanaone kalata ya a Pulofesa. Kalatayo itadindidwa, abwana amene analonjeza kusaina anali atasamutsidwa. Atsopanowo anaiwerenga kawiri n'kumufunsa Devota kuti: "Ndikakulolani mayi, magazi ayeza ndani? Ine?" Anailingalira nkhaniyo mwauchikulire, mosapupuluma, ndipo pomwe ankatsegula cholembera kalata ya a Pulofesa inali itatsikira kale kulichete. Chaka chachiwiri chinathera pamenepo.

Chachisanu, zikomo pa mayeso a Chingerezi. Ena opanda ulemu amafunsa kuti munthu amene munamuphunzitsa nokha m'Chingerezi zaka zonse za digiri yoyamba, n'kumupatsa satifiketi yolembedwa m'Chingerezi, mumamuyesanso bwanji ngati amamva Chingerezi. Ine ndimakuikirani kumbuyo. Ndimawauza kuti ndani angadziwe bwino kuposa inu kuti Chingerezi chimene mumaphunzitsa sichikhalitsa? Chaka chachitatu mapepala ena onse anali amoyo, onenepa bwino, koma Chingerezi cha Devota chinapezeka kuti chinasasa mu Ogasiti. Iye sanamve chilichonse m'thupi, ankawerengabe mabuku ake monga kale, koma pepala linali litanena. Analembanso mayesowo, ndipo ng'ombe ya mayi anga imene inalipira ikukupatsani moni kuchokera kumene ili.

Chachisanu ndi chimodzi chikukhudza ine ndemwe. Mumafuna zithunzi zatsopano nthawi iliyonse, kumbuyo kukhale nsalu yabuluu, makutu onse aoneke, munthu asamwetulire. Apa ndiye munandipatsa ntchito, ndipo ndikuthokoza. Ndakhala ndikumukhazika mkazi wanga pa kampando ka m'situdiyo mwanga chaka ndi chaka, ndikumuuza kuti adzutse chibwano. Chaka choyamba ndinavutika kumuletsa kuseka, tinajambula kambirimbiri chifukwa mano ankangoonekera. Chaka chino sindinafunike kumuuza kanthu, nkhope inabwera kale monga mwa lamulo lanu. Pamene ndinkakonza chithunzicho pa kompyuta ndinaona imvi ziwiri pamwamba pa khutu lamanzere, khutu lomwelo limene mumafuna lioneke. Ndinafuna kuzifufuta, monga ndimachitira ndi akwatibwi, koma ndinakumbukira kuti kunamiza yunivesite ndi mlandu. Ndinazisiya, mukazipeza m'faelo mwake.

Tsono ndifike pa chisomo chachikulu cha chaka chino, chimene chandigwiritsa cholembera. Bwana, chaka chino zinatheka. Sindidziwa kuti ndi pemphero la ndani, koma chakumapeto kwa Seputembala mapepala onse asanu anapezeka akupuma limodzi. Chikalata cha thanzi chinali chitatsala pang'ono, chikupumira m'mwamba, koma chinali chamoyo. Tinawaika mu envulopu, envulopu m'pulasitiki, pulasitiki m'chitenje. Ndinamuperekeza Devota ku basi ngati ndikuperekeza wodwala wopita ku opaleshoni, ndipo anansi anatuluka kudzamutsazika. Anafika pa ofesi yanu Lachitatu m'mawa n'kupeza chitseko chokhoma. Mlonda wa pageti, munthu wansangala, anamulonjera bwino n'kumuuza kuti: "Pepani mayi, ofesi yonse yapita ku Bagamoyo, abwera Lolemba. Koma musadandaule, akukakamba za inu nomwe." Sananame. Pachitseko panali chikalata cholengeza kuti onse ali ku semina ya momwe angachotsere zopinga kwa amayi ofuna kulowa m'maphunziro a sayansi.

Devota anagona kwa msuweni wake ku Mbagala mpaka Lolemba. Pawindo anapeza mayi Zuhura, mlembi wanu wokhulupirika, atavala malaya atsopano a ku seminako, pachifuwa palembedwa kuti sayansi ikuitana mwana wamkazi. Anatembenuza mapepala limodzilimodzi ndi chala chonyowetsa, n'kuima pa la thanzi.

"Ichi chinatha Loweruka, achemwali."

"Ndinabwera Lachitatu, mayi. Ofesi inali yotseka, mlonda ndi mboni."

"Ofesi inatseka, koma kalendala sinatseke. Mukatenge china ku chigawo kwanu, windo tikutseka Lachisanu. Wotsatira."

Ndikupemphani kuti mayi ameneyu mumukweze pantchito, pakuti malamulo anu amawasunga kuposa mmene ena amasungira Malamulo Khumi. Devota anayesa ndithu. Anathamangira ku Mtwara, anabooledwa kachisanu, koma zotsatira za makhololo sizimva kuti munthu ali pachangu. Zinatuluka windo lanu litatsekedwa, ndipo zinanena kuti ali bwinobwino. Windo lidzatsegukanso Seputembala wa chaka chamawa, iye ali nkhalamba ya zaka makumi atatu ndi zisanu, yosayenera kuphunzitsidwa kanthu.

Atafika kunyumba sanalire, sanatukwane. Anaika envulopu ija pamwamba pa kabati, anasamba, anadya mpunga wake pang'ono. M'mawa mwake anavala gauni lake loyera, ndipo akutuluka anaima pakhomo la situdiyo n'kundiuza kuti: "A Fide, nsalu yabuluu ija muipinde, muzijambulirapo ena. Ine basi." Kenako anapita kukayeza ana a eni ake amene malungo awabwerera. Pano ndisiye kaye ulemu pang'ono, bwana: zinandiwawa. Ndinatseka situdiyo ndi kulira ngati mwana, ine bambo wandevu, chifukwa mkazi amene ndinakwatira anali wosagonja, ndipo amene wamugonjetsa sanamufunsepo ngakhale funso limodzi la malungo. Zaka zinayi zonsezi palibe wa kwanu amene anawerenga zimene akufuna kufufuza, pakuti tsamba limenelo lili pansi pa mapepala asanu aja ndipo palibe anafikapo.

Koma ndabwerera pamalo panga, pepani. Wamkulu salakwa. Sindikupempha kuti musinthe malamulo, ndine yani ine? Sindikupemphanso kuti muimitse zaka za mkazi wanga, ngakhale ndikukhulupirira kuti mukanafuna mukanaitanitsa semina ya zimenezo. Za Devota zatha, mwini wake wanena. Pempho langa ndi lina, laling'ono kwambiri.

Tili ndi mwana wamkazi, dzina lake Imakulata, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ali sitandade 2. Tsiku lina mayi ake anamusuzumiritsa pa maikulosikopu, ndipo chiyambire tsikulo akuuza aliyense kuti akadzakula adzafufuza tizilombo. Tayesa kumulangiza kuti asankhe ntchito ina yopepuka, yonga kuswa miyala, koma watengera mutu wa mayi ake. Choncho ndikugwada pamaso panu kupempha kuti mumulole ayambe kufunsira malo chaka chino. Ndawerengera mwaumbuli wanga kuti akayamba pano ali ndi zaka pafupifupi makumi atatu zosonkhanitsira mapepala ake kuti akumane amoyo pa windo lotsegula. Magazi ali nawo okwanira, jakisoni saopa, ndipo makutu ake onse awiri amaoneka bwino.

Ngati mwa nzeru zanu mwaona kuti nayenso tamuchedwetsa kale, musachite nafe manyazi. Tiuzeni msanga, kuti timuuze akadali pa msinkhu woti akalira amatonthozeka ndi switi.

Ine wanu wodzichepetsa, wopsompsona chidindo chanu kulikonse kumene makiyi ake ali lero,

Fidelis Millanzi,
wojambula zithunzi, mwamuna wa nkhalamba ya mu Januwale.