Tsiku Limene Ndinachitira Umboni pa Ulalo wa Ana

Anzanga, amene munakhalapo wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi mukudziwa kuti mpando umenewu umatupitsa munthu mapewa. Ine anandisankha pa sukulu ya kwathu, kumapiri kuno ukapitirira pa Malomo, ndipo posakhalitsa ndi mkazi wanga yemwe, Nabanda, anayamba kunditchula kuti a Tcheya, kungoti iye amatero akuseka.

Nkhani imene inkatisowetsa mtendere makolofe inali ya khwawa la kuseri kwa sukulu. Ana a midzi ya kutsidya ankawoloka pa ulalo wa mitengo, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi ankadzaza mpaka kumiza mitengoyo. Chaka china kamwana ka Sitandade 2 kanakokoloka, mwamwayi kanakodwa m'bango n'kupulumuka. Kuyambira pamenepo makolo a kutsidya ankangoti kukachita mitambo, ana asapite kusukulu. Nanga mwana wojomba dzinja lonse mayeso angakhoze bwanji?

Tinapitapita ku boma kukadandaula mpaka anavomera kutumiza munthu woti adzaone yekha. Kunabwera mayi wina wofatsa, wamagalasi, Mayi Mbewe. Vuto lake anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Muofesi mwa ahedi, a Kamwendo, ine ndinaimirira n'kukonza jekete langa la kutchalitchi.

"Mayi, si khwawa limeneli, ndi chilombo," ndinatero. "Likadzaza limabangula ngati lole ya fodya pa chitunda. Ngakhale ng'ombe singawoloke."

Ahedi ankanditsinzinira diso kuti ndichepetseko, koma ine ndinkayesa akundichemerera, ndiye ndinawonjezeranso ng'ombe yachiwiri.

Tinatsetsereka tonse, a komiti, aphunzitsi, ana ali pambuyo mndandanda. Titafika tinapeza mchenga uli mbuu, pakati pake pakuyenda timadzi tochepa ngati tochokera mu ketulo, ndipo nkhuku ina inali kuwoloka ndi anapiye ake mosathamanga n'komwe.

"Chilombo chija n'chimenechi, a Tcheya?" anafunsa Mayi Mbewe mwaulemu.

Munthu wanzeru akanangoloza zinyalala zimene madzi anasiya m'nthambi za mitengo, pamwamba kuposa mutu wa munthu. Ahedi anali atakweza kale dzanja kuti aloze zomwezo. Koma wapampando ndani, iwo kapena ine?

"Madzi asiyeni, mayi, onani ulalowu. Ndi wofumbwa wonsewu. Taonani."

Ndinakwera, ndinafika pakati, ndinaponda mwamphamvu. Zii. Ndinapondanso. Mtengo umene umalira ukapondedwa ndi mwana wonyamula kope limodzi, tsiku limenelo unangoti nji ngati njanji. Ndiye ndinayamba kudumpha, bambo wa ana akuluakulu, tayi ikundimenya kumaso, ana kumtunda n'kuyamba kuwomba m'manja motsatira kudumpha kwanga.

"Ukuoneka wolimba ndithu," anatero Mayi Mbewe.

Ndinatembenuka kuti ndiwayankhe, osadziwa kuti mbuzi zinadutsapo m'mawa n'kusiya katundu wake. Nsapato inatereka. Poyamba ndinakhalira mtengo ngati ndakwera njinga, buluku n'kung'ambika ndi mawu oti aliyense anamva. Kenako ndinayamba kupendekeka pang'onopang'ono, mpaka ndinapezeka ndili kunsi kwa ulalo, manja ndi miyendo zitakumbatira mtengo ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinakhala choncho kanthawi, ndikuyang'ana kumwamba, ndikuganiza za moyo wanga. Manja atatopa ndinataya.

Khwawa lonse linali louma, kupatula timadzi tija ndi chithaphwi chimodzi chimene nkhumba za m'mudzi zimasambamo. Mukuganiza kuti ndinagwera pati? Nkhumba imene inagona m'menemo inathawa ikulira, kundisiyira malo.

Panalibe woseka. Ana anagwira pakamwa, aphunzitsi anayang'ana kumapiri. Kenako kamtsikana kena kanasuzumira m'khwawamo n'kunena ndi chifundo chenicheni kuti, "Pepani a Tcheya. Ifenso timagwera pomwepo."

Mayi Mbewe anavula magalasi n'kutembenukira kwa ana aja.

"Amene munagwapo pa ulalowu, kwezani manja."

Manja anakwera ambiri, ena onse awiri. Anayamba kuwafunsa mmodzimmodzi, ana n'kumafotokoza za makope onyowa, za kubereka azing'ono awo kumsana, za kubwerera kunyumba madzi akachuluka. Ahedi anapeza mpata wolozera zinyalala zawo. Nthawi yonseyi ine ndinali chiimire m'matope, jekete nditamanga m'chiuno kubisa ngozi ya kumbuyo, ndipo panalibe anakumbukira kuti wapampando akadali kunsi.

Mlatho a boma anatimangira, wa simenti, wokhala ndi zogwirira m'mbali, ndipo ana a kutsidya masiku ano sajombanso chifukwa cha mvula. Dzina lokha ndilo linandipweteka. Palibe anakhala pansi kuti alisankhe, koma mukafika pa Malomo n'kuuza wa kabaza kuti akutsitseni Pogwera a Tcheya, safunsa kawiri.

Pa msonkhano wa posachedwapa ahedi ananena kuti zimbudzi za ana zachita ming'alu, pansi pake pakutitimira, ndipo pakufunika munthu wokaonetsa alendo a ku boma kuopsa kwake. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndisanatsegule pakamwa, Nabanda anayankha ali kumbuyo kwa anthu.

"Awa musawatume. Wochapa ndine."

Kupita ndidzapita, poti anawa ndi athu ndipo wowalankhulira ndi ife. Koma ndalumbira kuti umboni wa thupi ndinasiya. Ndidzaima patali, kumene kukuchokera mphepo, n'kuloza ndi chala.