Njanji Yathu ya Mamita Khumi ndi Awiri: Kalata kwa Anduna

Kutsidya kwa Namiyala,
Kudzera ku Migowi,
Phalombe.

Kwa Olemekezeka Anduna a Zanjanji ndi Maulendo a M'tsogolo,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditavula chipewa, ngakhale simukundiona. Dzina langa ndi Lekani Namakhwa, mlimi wa nandolo, munthu wamba amene anaphunzirako za uinjiniya ku yunivesite zaka ziwiri ndi teremu imodzi, asanauzidwe kuti mafunso ake akuchedwetsa anzake. Za sukuluzi sindikuzitchula modzitama. Ndikungofuna kuti mukaona manambala m'kalata muno musaganize kuti wandiwerengera ndi munthu wina.

Chaka chatha tinakumvani pa wailesi mukulengeza kuti mukonza njanji za m'mizinda kuti sitima za katundu ndi za anthu zileke kuthithikana. Tinawomba m'manja. Kuno ku Phalombe sitima sinapondeko chilengedwere dziko, koma ndife anthu oleredwa bwino, timadziwa kuvina pa ukwati wa eni ake. Kenaka aphungu ena anadandaula kuti chitukuko chikungothera m'tauni. Inu, ndi mtima wanu wachilungamo uja, munayankha kuti mwagula zipangizo za malo 28 odutsana msewu ndi njanji, ndipo popeza maboma alipo 28, boma lililonse lilandira ake. Masamu oterewa ngakhale ku yunivesite sitinawafike. Anzathu a pachilumba cha Likoma sindikudziwa kuti awo anawaika pati, koma athu anafika, ndipo ndabwera kudzathokoza.

1. Zikomo chifukwa cha njanji.

Ili pa msewu wafumbi wochoka ku Migowi kubwera kwathu. Ndi zitsulo ziwiri, chilichonse mamita khumi ndi awiri. Ndayeza ndekha. Imayambira m'munda wa nandolo wa mai Hilda, n'kudutsa msewu, n'kukathera pa chulu. Kontilakita anatiuza kuti poyamba anangofuna kuzika chikwangwani ndi mpiringidzo wotsekera msewu, koma ku likulu anamuuza kuti chithunzi chopanda njanji sichilandiridwa. Choncho anabweretsa njanji yokwana m'chithunzi. Wojambula anaima pakati pa msewu, n'kusamala kuti chulu chisaoneke. Ndamva kuti chithunzicho chili pakhoma mu ofesi mwanu. Mukachiyang'ana, bwana, dziwani kuti kumanzere kwake kuli chiswe.

Ndinganene mosaopa kuti iyi ndi njanji yokhayo m'dziko muno imene sitima sinachedwepo, sinagwepo, ndiponso sinagundepo ng'ombe.

2. Zikomo chifukwa cha a Julius.

A Julius ndi amene munawalemba ntchito yotseka ndi kutsegula mpiringidzo. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa kunama, ndipo vuto lathu lagona pomwepo. Ntchitoyi nanenso ndinaifunsira. Pa mayeso anatifunsa chimene tingachite tikamva sitima ikubwera. Ine ndinayankha kuti ndingapite kuchipatala kukapimitsa makutu. A Julius anayankha kuti angatseke msewu n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Anapambana ndi iwo, ndipo sindikudandaula, ngakhale ndimakumbukirabe tsiku ndi ola lake.

Munawapatsa yunifolomu, mbendera yofiira, wenzulo, ndi pepala la nthawi za sitima lochokera ku mzinda. Pepalalo likuti ya katundu imadutsa 9 koloko m'mawa, ya anthu 3 koloko masana. Nthawi ikakwana a Julius amaliza wenzulo, n'kutsitsa mpiringidzo, n'kuyang'ana kumunda kwa mai Hilda, kenaka kuchulu. Lamulo lanu likuti asatsegule mpaka atalandira uthenga pa foni woti sitima yadutsa. Tsono sitima ya ku mzindako imachedwa, ndipo ikachedwa kumeneko timadikira ndife kuno. Netiweki nayo imagwira pamwamba pa chulu pokha. Ndiye muwaone bambo a zaka makumi asanu ndi limodzi ataima pa chulu, foni m'mwamba, mbendera m'khwapa, akudikira kuti Limbe iwauze kuti m'munda wa nandolo simukutuluka sitima.

Tinawapempha kuti azingotitsegulira. Anatiyankha kuti: "Ana inu, ine ndinalumbira. Tsiku limene idzabwere mudzandithokoza." Wakabaza wina atawauza kuti agogo, sitimayo idzatulukira kuuna kwa mbewa kapena, anamulemba dzina m'kabuku n'kukamutchula pa mapemphero a Lachitatu. Chiyambire pamenepo palibe amene amazemba. Apolisi timatha kukambirana nawo, koma munthu amene angakutchule dzina pamaso pa apongozi ako m'tchalitchi ndi woopsa.

3. Zikomo chifukwa cha kuthithikana.

Munalonjeza kuti muchotsa kuthithikana m'mizinda. Ambiri ankafunsa kuti mukakuika kuti. Ife tsopano tikudziwa. Tsiku la msika lapitali ndinawerenga akabaza 31, ngolo ziwiri, lole ya mavenda a nandolo, njinga yamoto ya abusa, ndi mayi wina ndi mbuzi yake, onse ali pa mzere kwa ola limodzi ndi theka. Makolo athu anafa osaona zoterezi. Akabaza tsopano aphunzira kuliza mabelu mokwiya ngati madalaivala a ku Blantyre. Mai Hilda, ataona kuti oyenda pansi akuwapondera nandolo polambalala, anatchinga munda ndi minga n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa kwa odikira. Masiku ano amadzitchula kuti ndi a kantini ya pa siteshoni, ndipo sitima ikafulumira ku mzinda amakwiya.

4. Pa chikwangwani chachikulu pali dzina la injiniya amene anavomereza ntchitoyi. Ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ankakhala kumbuyo kwanga pa mayeso, ndipo khosi lake linali lalitali. Iye anamaliza, ine sindinamalize. Mumupatse moni. Mumuuze kuti ulendo uno zikuoneka kuti analibe womukhalira kutsogolo.

Tsopano, bwana, mundilole ndivale chipewa pang'ono, chifukwa dzuwa la nkhani yotsatirayi ndi lowawa.

Mukachoka pa siteshoni yathu n'kuyenda mphindi makumi awiri, mufika pa kamtsinje ka Namiyala. M'chilimwe mwana amakalumpha. Mvula ikagwa m'phiri kamasanduka chinthu china. Panali mlatho, koma namondwe wa Freddy anautenga pamodzi ndi zambiri zimene sindikufuna kuzitchula m'kalata yothokoza. Chichokereni mlathowo takhala tikuyala mitengo ya bulugamu, ndipo chaka chilichonse madzi amaitenga mvula yachiwiri isanathe. Chipatala chili tsidya lanu. Ife tili tsidya lino.

Dzinja lathali Alesi, mkazi wa mphwanga, matenda atamuyamba anapeza Namiyala atadzaza. Anachirira pa gombe, amayi atamutchingira zitenje, chipatala chikuoneka denga lake patali. Mulungu anachita chifundo, iye ndi khanda lake onse ali moyo. Patapita sabata, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi inamulamula kupereka mbuzi, pakuti lamulo la kuno likuti mayi wochirira kunja kwa chipatala alipe mbuzi. Mtsinje sanaulipitse.

Mkazi wanga Rozaria ndi woyembekezera, ndipo anamwino akuti ndi mu Januwale. Mudzati apite msanga kuchidikiro akadikirire komweko. Adzapita. Koma mwana wathu woyamba anabwera masabata atatu nthawi isanakwane, osafunsa pepala la munthu aliyense. Ana a m'banja mwathu sali ngati sitima zanu, bwana. Amafulumira.

Ndinatenga tepi n'kukayeza pa Namiyala. Kuchoka pa thanthwe la tsidya lino kufika pa thanthwe la tsidya ilo ndi mamita asanu ndi anayi. Zitsulo zanu ndi mamita khumi ndi awiri. Kutsala mita imodzi ndi theka mbali iliyonse yokhazika pa mwala. Chitsulo chopangidwa kuti chinyamule sitima ya simenti sichingalephere mayi wapakati, amayi ake ndi beseni. Matabwa tili nawo, akalipentala alipo, amuna okwanira kunyamula alipo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ali chiimire pa mpiringidzo wanu kuyambira 9 koloko. Izi tinaphunzira chaka choyamba, teremu yachiwiri. Mnzanga uja ayenera kukumbukira, poti yankho lake linali langa.

Ndinapita ku maofesi. A zamisewu anati zitsulozo ndi za anjanji. Anjanji anati iwo saona za mitsinje. A zamadzi anati madzi ndi awodi, koma zodutsa pamwamba pa madzi si zawo. Bambo wina wa tayi anandichenjeza kuti kuzula njanji ndi mlandu waukulu chifukwa kumaika miyoyo ya apaulendo pa chiswe. Ndinamuuza kuti pa mawu onse amene ndamva m'maofesi, la chiswe lokhalo ndi limene likugwirizana ndi malowo. Anandiitanira mlonda.

Choncho ndagwada pamaso panu ndi pempho limodzi, laling'ono ngati njanji yathu.

Sindikupempha mlatho. Ndikudziwa kuti mlatho si wa unduna wanu. Ndikupempha kuti muikuze njanji ya Phalombe poisamutsa. Mulembe kuti Gawo Lachiwiri la ntchito yaikulu ija ndi kuwolotsa njanji pa mtsinje wa Namiyala. Tinyamula tokha, tiyala tokha, matabwa tikhoma tokha. Inu mudzangobwera ndi lumo lodulira riboni ndi wojambula uja, amene waonetsa kale kuti amadziwa poima. A Julius musawachotse ntchito. Asamuke ndi mpiringidzo wawo, azikatseka madzi akasefukira, ndipo kwa nthawi yoyamba mbendera yawo idzaimitsa anthu pa chinthu chimene chikubweradi. Sitima ikadzafika ku Phalombe tidzaimva ili kutali, ndipo ndikulonjeza kubweza zitsulo zanu pa chulu ndi mapewa anga.

Mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri. Yankho lanu likafika Novembala asanathe, mwanayo tidzamutcha dzina lanu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Likachedwa, ndipo Rozaria n'kuchirira pa gombe ngati Alesi, ndiye kuti komiti idzafuna mbuzi, ndipo ine mbuzi ndilibe. Pamenepo ndidzapempha kuti mutitumizire imodzi, bwana. Muikweze sitima ya katundu ya 9 koloko. A Julius adzakhala ali pa chulu kuidikira.

Ndine wanu wodzichepetsa kuposa mmene ndimafunira,

Lekani Namakhwa,
Injiniya wa zaka ziwiri ndi teremu imodzi,
Wokwera sitima wa m'tsogolo, Siteshoni ya pa Chulu.