Malo Khumi M'minibasi ya ku Zomba

Lolemba
Amayi a mpingo tili ndi msonkhano ku Zomba Lamulungu. Malo m'minibasi khumi, ofuna ndife khamu. Abusa akuti isankhe kompyuta: khumi aakulu msinkhu mwa ife ozonda odwala ku Boma. Woigwira ndi Mphatso, mdzukulu wanga wogwira ntchito ku Blantyre. Basi ndapita kale! Zotenga: chinangwa, duku latsopano, mankhwala a mawondo.

Lachiwiri
Chinthuchi chili ndi mayina a mpingo wonse, ndi akufa omwe! Koma chakana ntchito. Mphatso akuti, "Agogo, ndaika funso m'kati mwa funso. Lam'katilo ndikati lilekeze pa khumi, sichilola." Makina okhala ndi mwambo ngati apongozi! Ndayamba kulankhula motsitsa pafupi nacho.

Lachitatu
Mphatso wachinyenga chinthucho! Funso lokanidwalo walikulunga m'funso linanso, mmene timabisira nkhuku m'chitenje kuti kondakitala asaone. Chalola! Mwana ameneyu kusukulu sankapita kukatafuna mapensulo.

Lachinayi
Mayina atuluka: tsamba loyamba, anthu atatu okha. Ndimayesa enafe chatiika kwa akufa aja. Akuti chayamba ndi kudula khumi, kusefa ozonda odwala pambuyo. Watembenuza: kusefa kaye, kudula kenaka. Ine kukamwa yasa.

Lachisanu
M'mawa ndili pa tsamba loyamba, la opita. Nthungululu! Masana ndili pa lachiwiri, pamalo panga pali mayi Mulipa, uja woimba ngati mbuzi yapachingwe. Mphatso wadinanso kompyuta, ndabwerera. Wadinanso, Mulipa! Kani ife osadziwa tsiku lobadwa, mlembi wa mpingo anatilemba tonse Januwale 1, chaka chimodzinso. Makina akutiyesa mapasa, wamkulu sakumudziwa. Ine mapasa ndi Mulipa?

Loweruka
Mphatso wapeza mankhwala ake: obadwa tsiku limodzi, atsogole amene anayamba kulembedwa mumpingo. Mulipa anabatizidwira pompano ali khanda. Ine ndinadzalowa nditakwatiwa. Ndamunong'oneza Mphatso kuti andikulunge m'funso lina. Akuti, "Agogo, chitani manyazi." Ndinamubereka kumsana ine ameneyu!

Lamulungu
Minibasi yanyamuka pa Migowi, Mulipa pawindo, mano onse panja. Mphatso wandipatsa kuti ndidine ndekha. Ndadina mpaka chala kuwawa, sichikusinthanso. Chosadya, chosatopa, chopanda mbale wake. Ndachigomera ndithu. Ndine woyamba pa tsamba lachiwiri. Tsamba lachiwiri lilibe minibasi.