Dzimbiri la Mutu wa Sitima wa Bambo

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka kalabu yathu ya tisitima tachidole ili ndi chionetsero ku Solihull, kuno kunja kumene tikukhala, ndipo kwa nthawi yoyamba mutu wa sitima wa kwathu uyenda pa njanji yawo. Osati mutu wamba ayi, koma umene bambo anga ankayendetsa kuchokera ku Limbe mpaka atapuma pantchito.

Lamulo la a Graham, mkulu wa kalabu: kamutu kafanane ndendende ndi chithunzi cha sitima yeniyeni, apo ayi kabwerere m'bokosi. Munthuyu amawerenga ndi misomali yomwe.

Zimene ndili nazo:
- kamutu ka sitima ya kuno, kotalika ngati chikhatho, koti ndikasinthe
- chithunzi chimodzi chakale, chopanda mitundu
- pakamwa posasunga nkhani

Ndawauza kale bambo kuti adzaonera pa foni. Iwo auza mpingo wonse ku Limbe. Mtima suli m'malo.

Lachiwiri

Ndadula denga, ndasuntha mawindo, ndapinda waya wa zogwirira za m'mbali. Tebulo lodyera ndalanda, fulati ya ku Nechells ilibe malo ena. Apongozi, amene anabwera mwezi watha kudzaona zidzukulu, akudyera pa sofa osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kukundiopsa.

Kahutala, kochepa ngati njere ya mpunga, kapulumuka pa chopanira n'kugwera m'kapeti. Ola lathunthu ndili chogwada. Mayi a Chisomo, akazi anga, akulowa kuchokera kuntchito kuchipatala: "Ine ndaima long day yonse pa ward, inu mukukwawa ngati khanda. Musandistrese."

Sikanapezeke. Ndapanga kena ndi kachidutswa ka waya.

Lachitatu

Mtundu. Chithunzi sichikunena. Bambo pa foni: "Unali wobiriwira, mzere wachikasu." Amalume, amene ankagwira ntchito pa siteshoni ya Balaka, akuti unali wabuluu, ndipo akuti bambo akalamba. Bambo amva. Awiriwo sakulankhulana.

Ndapaka wobiriwira. Manambala anayi a m'mbali ndamata osapuma. Imodzi yapendama pang'ono. A Graham adzaiona, ndikudziwa.

Lachinayi

Tsiku la litsiro. Sitima yogwira ntchito siwala, ndiye kamutu kayenera kudetsedwa mwaluso. Ndapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha zimenezi.
- dzimbiri pansi pa zitseko
- mwaye padenga, pozungulira potulukira utsi
- fumbi lofiira la m'chilimwe, la choko chopera
- kadontho ka dizilo pa thanki

Maola asanu ndi limodzi. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, misozi yalengeza. Ndi womwe uja, umene ndinkauthamangira ndili mwana nditanyamula chakudya cha bambo. Ndakaika pa shelefu kuti kaume, mawa ndikapopera vanishi.

Apongozi akayang'ana nthawi yaitali. "Kopita nako kwa azungu kaja ndi kameneka?" Ndati eya, amayi. Ati, "Ooh."

Lachisanu

Ndabwera kuchokera kuntchito. Kamutu kali patebulo, pa kansalu koyera. Kakuwala!

Dzimbiri palibe. Mwaye palibe. Manambala atsala awiri. Zogwirira zapindika, hutala wapita kachiwiri. Kakununkhira sopo wotsukira mbale, ndipo akapaka mafuta odzola paliponse, mpaka mawilo omwe.

Apongozi: "Bambo a Chisomo, sindikanalola kuti mukachite manyazi pagulu. Anthu akanati pakhomo panu palibe munthu wamkazi. Ndavutika nako, litsiro lake linali lokakamira."

Mkamwini anganene chiyani kwa apongozi? Ndanyonyomala pang'ono, ndati zikomo kwambiri amayi, mwagwira ntchito. Kenako ndalowa m'bafa n'kuluma thaulo.

Mayi a Chisomo pakhomo la bafa: "Mukangowauza, alira mpaka ku airport. Sankhani nokha."

Ndasankha. Choko chatha, nthawi yatha. Mota ndaiyesa, ikulira. Kapita choncho basi.

Loweruka

Holo yadzaza. A Graham ayang'ana chithunzi, ayang'ana kamutu, ayang'ana ine. Akuti sitima yoyera chonchi sanaionepo chibadwire. Ndawafotokozera za apongozi. Akuti nawonso ali ndi apongozi, kazungulire kamodzi kokha.

Foni ndaiimika m'mbali mwa njanji. Nkhope ya bambo ikuoneka, kumbuyo kwawo mitu ya anthu a kumpingo, yambiri kuposa mmene ndimaganizira.

Ndakoleka mabogi asanu ndi imodzi. Posalala kakuyenda bwino, ndayamba kupuma. Pa kachitunda kofikira pa mlatho kaima. Mawilo akungozungulira pamodzimodzi, fwiii, osasuntha. Mafuta aja. Kenako kayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, aliyense akuona. Sitima ziwiri za anzanga zobwera pambuyo nazonso zaterereka pomwepo. A Graham akupukuta njanji ndi mpango, khosi litafiira.

Foni ndazimitsa osatsanzika. Manyazi andigwira.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite, ndati mutu. Kalabu yalemba kuti ndisaikenso kanthu pa njanji yawo mpaka atakambirana. Apongozi akuuza abale pa foni kuti kasitima kathu ndi kamene kanawala kuposa tonse, zomwe n'zoona.

Bambo aimba masana. Foni ndaisiya ilire kanayi ndisanayankhe.

"Iwe, unazimitsiranji? Chitunda cholowera ku Limbe chinkandichita zomwe zija mvula ikagwa. Mawilo kuzungulira, mabogi kukukokera m'mbuyo, malaya onse thukuta. Anthu awa zaka zonsezi amati ndimakokomeza. Dzulo aona okha."

Popitiriza, mawu awo ndi otsika.

"Koma timathira mchenga pa njanji, mwana wanga, n'kuyesanso. Ine ndimadikira kuti ndione ukukwera."

Ndati ndamva, bambo. Kamutu kali pa shelefu, koyera choncho, ndipo foni sindinadule mpaka atadula okha.