Tsiku Limene Ndinafuna Kukatula Apongozi ku Zimbabwe

Nkhani iyi sindinkafuna kuti idzatuluke pakamwa panga. Koma poti kuno ku Kanakantapa yafika kale ngakhale kwa ana asukulu, ndipo aliyense akuikamba mothirapo mchere wake, bola ndiikambe ndekha mwini wake. Mukadzandiona ndikudutsa pamsika amayi a tomato n'kuyamba kutambasula manja ngati mapiko, musadzafunse kuti kwagwanji.

Ine ndinali mkamwini wachitsanzo. Sindikudzitama ayi, anthu ankabwera ndi akamwini awo kudzawaonetsa ine. Apongozi anga aakazi ndi mayi wamasiye wa ku Katete, wogwira mwambo zolimba. Chikwatirireni mwana wawo sindinawayang'anepo m'maso, sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi, sindinadyepo iwo akuona. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire n'kugwada, n'kumaomba m'manja mpaka adutse (tsiku lina ndinagwadira pachitedze, koma ndinapirira ngati mwamuna). Nawonso sankandiyankhula mwachindunji. Ine ndili chiimire pomwepo, ankauza mkazi wanga kuti, "Uwauze atate ake a Tisa kuti ng'ombe zawo zalowa m'munda."

Mwina mukuti ulemu wonsewu unali wochokera pansi pamtima. Zikomo pondiganizira zabwino. Kumunsi kwa munda wa apongozi kuli dimba, m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa ngakhale mu Okutobala. Dothi lake lakuda bii, loti ukagwetsa njere ya tomato mwangozi mawa upeza yamera. Apongozi anali atanena kuti msana wawo watopa, dimbalo apereka ku nyumba ya mmodzi mwa ana awo aakazi awiri. Akamwini tinalipo awiri: ine, ndi a Mwale, amuna a mng'ono wake wa mkazi wanga. A Mwale amakhala ku Silverest, kufupi ndi mzinda wa Lusaka, ali ndi galimoto, ali ndi mimba, ndipo khasu amalionera pa wailesi yakanema.

Tsono munthu sungameze mawu zaka zonsezo osaphulika. Mkamwini aliyense ali ndi kotulutsira mpweya, ena kumowa, ena kukwaya. Ine kwanga kunali kuchigayo. Makina akangoyamba kubangula, ndinkaima pafupi n'kuyankhula zonse zakukhosi mokweza, wina osamva kanthu. Ndinkabwerako ufa uli mbuu kumutu, mtima uli myaa, wokonzeka kukagwadanso.

Ndiye Lamulungu lina a Mwale anabwera ndi nzeru zawo za ku tauni. Akuti ali ndi mnzawo woyendetsa kandege kakang'ono, ndipo akufuna kuti amayi akaone mtsinje wa Zambezi ali m'mwamba asanakalambe kwambiri. Malo otsala analipo amodzi. Mkazi wa a Mwale anali woyembekezera. Mkazi wanga anangoti, "Ine mu ndeke? Iyayi, nifuna kufela pansi monga anthu." Ine ndinaona patali. Ndinadziwa kuti ndikawalola awiriwa kukwera okha, dimba litha m'mitambo momwemo.

"Nizapita ndine," ndinatero.

"Imwe?" anatero mkazi wanga. "Imwe amene mumasanza mu minibasi ya ku Chongwe?"

Ndinamuuza kuti zimenezo zimachitika chifukwa cha fumbi, ndipo kumwamba kulibe fumbi.

Bwalo la ndege la ku Lusaka lili m'boma lathu lomweli. Ndege zake zimatidutsa pamutu tsiku ndi tsiku tikulima, koma ine ndinali ndisanapondeko. Ndinavala suti ya paukwati wanga, imene masiku ano imandikwana pokhapokha lamba atagwira ntchito yake. Tangoganizani tsono, tikufika pachipata choyendera katundu, mlonda akunena mwaulemu kuti, "Ba tate, chosani belt." Apongozi ali pambuyo panga penipeni. Ndinavula lamba pamaso pa apongozi, abale anga! Ndinadutsa pachipatapo manja onse awiri atagwira buluku, maso ali kudenga, ndikupempha kuti nthaka ing'ambike. Nthaka ya kumeneko ndi yamatailosi, sing'ambika.

Ndinkayembekezera chindege chachikulu ngati zija zimatisokosa kumunda. Anatilambalalitsa zonsezo n'kutifikitsa kumbali, pakandege koti anthu awiri akhoza kukakankha. Woyendetsa anali mayi wachitsikana, wamagalasi akuda, woseka msanga. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi, kenako n'kugamula.

"Ba Mwale, imwe kutsogolo na ine. Ba tate na ba mami kumbuyo."

Ndinasuzumira kumbuyoko. Timipando tiwiri togundana, toti nkhuku ziwiri zikhoza kukanganirana malo.

"Ba Kaputeni," ndinanong'ona, "aba ni apongozi anga. Sitinkala pamodzi."

"Ba tate, ndeke siziba apongozi. Iziba chabe makilo."

Apongozi anali atakwera kale, atakonza chitenje chawo, akuyang'ana kunja ngati anabadwira mundege. Ndinalowa chammbali, n'kudzipinda mpaka tsaya kukhudza galasi. Ngakhale zinali choncho, pakati pa bondo langa ndi lawo pankangokwana tsamba la fodya.

Apa ndi pamene panalowa satana. Woyendetsa anatipatsa aliyense zovala kumakutu, zokhala ndi kawaya kokhotera kukamwa. Anafotokoza zambiri m'Chizungu chothamanga, koma ine nzeru zonse zinali pabondo langa kuti lisalakwire mwambo. Ndinangoganiza kuti ndi zotseka makutu ngati zija amavala mnyamata wa kuchigayo. Kawayako ndinkayesa n'kogwirizira chibwano. Pakhutu lamanja panali kagudumu kakang'ono, ine n'kukapotokola mpaka kumapeto poganiza kuti ndikumangitsa kuti zisagwe. Mawu onse anazimiririka. Ndinati eya, zogwira ntchito bwino zimenezi.

Injini italira, thupi langa linazindikira nyimbo yake. Kunjenjemera komweko, kubangula komweko. Chigayo chenicheni! Kandege kanathamanga, kanadumpha, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

Poyamba ndinkangodandaula za ine mwini. "Mayo ine, nafela dimba. Munthu wamkulu, wa ana, kukwela chitini chifukwa cha tomato." Pansi minda inkaoneka ngati zigamba, misewu yafumbi ngati ulusi wofiira. Ndinayesa kufunafuna nyumba yanga, koma kandege kanagwedezeka ndipo ndinasiya zofufuza nyumba.

Titayamba kudutsa mapiri, ndinaona mapewa a a Mwale akugwedezeka, mutu ataweramitsa. Ndinati ohoo, bwana wa ku Silverest mantha amugwira, akulira. Mtima unakhala pansi, lilime linamasuka. "Lila, chimimba iwe. Unayesa dimba igulidwa na ndeke? Ungagwile kambwili kulima iwe? Ungawelame na mimba monga thumba ya fetelaiza?" Mapewa aja anagwedezeka kwambiri. Woyendetsa naye anayamba kupukuta m'maso kunsi kwa magalasi. Ine n'kumati kalanga, ngakhale kaputeni akuopa.

Kenako mapiri anatha mwadzidzidzi, chigwa chinatseguka, ndipo Zambezi uyo. Apa ndisaname, kunali kokongola. Madzi otambalala, onyezimira, zilumba zamchenga pakati, mvuu zitaunjikana ngati miyala, njovu zikuwoloka mwana ali pakati. Tinatsika pang'ono n'kuyamba kutsata mtsinje, kwathu kuli kuno, Zimbabwe ili tsidya. Munthu wanzeru akanangoyang'ana n'kutamanda Mulungu. Koma kandege kanapendekera mbali ya apongozi, phewa lawo linagunda langa koyamba m'mbiri ya banja lathu, ndipo ine ndinatsegula thumba lomwe ndinkasungira kuchigayo kokha.

Ndiyenera kuulula kuti kuchigayoko apongozi ndinkawatchula kuti Boma, poti chilichonse pamudzi chimadikira chilolezo chawo.

"Ona manje," ndinatero ndikuyang'ana mvuu, "ndeke yapendamila ku Boma. Ati iziba makilo, zoona iziba. Boma, Boma, uzapeleka liti dimba? Nagwada ine mpaka maondo yachita zikang'a monga ya mbuzi. Munkoyo wako wowawasa namwa nikumwetulila, wina nathila pa nthochi, nthochi nayo inauma."

Apongozi maso anali pawindo. Ndinawasuzumira ndi kangodya ka diso n'kunena mumtima kuti, taonani mayi wosalakwa, akusangalala ndi njovu.

Basi mphepo yotentha ya m'chigwa inatinyamula n'kutigwetsa ngati minibasi yalowa m'dzenje. Ndinakuwa. Titakhazikika ndinaona midzi ya tsidya lija ili pafupi kwambiri, ndipo nzeru ina yabwino zedi inandifikira.

"Ba Kaputeni," ndinatero mokoma, podziwa kuti sakundimva, "tapotolani chabe pang'ono. Tikatule Boma ku Zimbabwe uko. Alibe pasipoti, sangabwele. Tizauza anthu ati anakonda malo."

Ndinaseka ndekha. Ndinaiona kuti ndi nthabwala yabwino kwambiri moti ndinaibwereza, n'kuwonjezerapo kuti a ku Zimbabwe akhoza kutibwezera mbuzi ziwiri, ifenso osanyinyirika.

Pamenepo ndinaona dzanja likubwera. Dzanja la apongozi, lamakwinya, lachibangili chamkuwa, likuwoloka malire onse amene makolo anaika. Linafika pakhutu langa lamanja, linagwira kagudumu kaja, n'kukapotokola pang'onopang'ono. M'makutu mwanga munalowa phokoso la a Mwale akuseka mpaka kutsamwa, woyendetsa akupuma modukizadukiza. Kenako mawu odekha, omveka bwino ngati ali m'kati mwa mutu wanga.

"Apongozi."

Aka kanali koyamba chikwatirireni kuti mayiwa andiyankhule ine mwini.

"Pitilizani, apongozi. Tikumva bwino tonse. Mwati mbuzi zingati?"

Abale, ndinayang'ana chitseko. Ndinayang'ana mvuu pansi paja, ndipo zinkaoneka ngati nyama zachifundo. Ndinayesa kugwada, koma lamba wa pampando anandikaniza, ndiye ndinangoomba m'manja ndili chikhalire ngati munthu wa m'kwaya. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Nenze kupemphela, amai." Apongozi anati, "Ameni."

Ulendo wobwerera sindikuukumbuka bwino. Ndikudziwa kuti tinadutsanso mapiri aja, ndipo kathumba kamene anatipatsa kuti mwina wina angadwale ndinakagwiritsa ntchito ine, apongozi atandigwirira. Munthu amene ndinali ndisanamezepo ngakhale mtedza iwo akuona, tsiku limenelo anaona zonse zimene ndinadya m'mawa.

Titatera, woyendetsa anandikokera pambali, misozi ya kuseka isanaume. "Ba tate, pepani. Nenze nifuna kukuzimyani pamene munayamba za chimimba. Koma ba mami anakana. Anati musiyeni, sininamvepo mau yake uyu, kansi akamba bwino so."

M'galimoto pobwerera kunyumba a Mwale ankangoti "Zimbabwe" n'kumenya chiwongolero. Pofika kunyumba madzulo, nkhani inali itafika kale pafoni. Mkazi wanga anandilandira pakhomo manja ali m'chiuno. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nthochi ija ya kuseli, ndimwe munaumitsa?"

Sabata yonse ndinayesa kukonza zinthu. Ndinatumiza tambala woyera, anamulandira. Ndinakawaza nkhuni zoti zikwane mpaka dzinja, anazilandira. Ndinatuma mkazi wanga kukanena kuti kumwamba mpweya umachepa ndipo munthu amayankhula zosadziwa. Anabwera ndi yankho lakuti iwonso anali kumwamba komweko ndipo mpweya unawakwanira.

Lamulungu lotsatira anatiitana tonse pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakagwada patali, pamalo anga akale, mutu pansi. Apongozi sanadutsirenso mwa mwana wawo. Anandiyang'ana ine, n'kundiuza kuti ndisendere pafupi.

"Boma laganiza," anatero. A Mwale anatsokomola. "Dimba nipatsa nyumba ya a Mwale. Kulima sadziwa, n'zoona, mwanena ndinu. Koma sananiganizileko zonitula kudziko la eni."

Ndinamva ngati kandege kagweranso m'dzenje lija. Tomato wanga yense, repu yense amene ndinali nditagulitsa kale m'maloto, anapita kwa munthu amene amathirira maluwa ndi paipi atavala masilipasi. Zinandipweteka, ndisakubisireni, mpaka lero ndikadutsa kumunsi kuja ndimayang'ana kumbali.

"Koma nanunso apongozi sinikusiyani chimanjamanja," anapitiriza. "Maondo anu namva kuti avutika. Kuyambila lelo musanigwadilenso. Mukanipeza panjila, imani, muniyang'ane kumaso, munene zimene muli nazo. Zomakanena kumbali zatha."

Anthu onse anadikira kuti amve kuti mwamuna womasulidwa anena chiyani. Uwu unali mwayi wanga woimirira, kukutumula fumbi pabuluku, n'kuyankhula ngati munthu kamodzi kokha m'moyo. Dimba linali litapita kale, panalibenso choti nditaye.

Ndipo ine, chitsiru cha mkamwini, ndinakhalabe chogwada, ndinaweramitsa mutu mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Zikomo kwambili, amai," ndinatero. "Amake Tisa, uwauze amai kuti nathokoza."